Chamba Ngati Mankhwala: Kodi Kuphatikiza Makemikolo Ake Osaledzeretsa Kungathandize Odwala a ku Lundazi?

Kuyambira m'chaka cha 2021, pamene nyumba ya malamulo ya dziko la Zambia inavomereza malamulo olola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene apatsidwa chilolezo, mawu akuti chamba ndi mankhwala akhala akumveka m'misika, m'mabasi ngakhalenso m'midzi. M'boma la Lundazi, lomwe lili m'chigawo cha Kum'mawa ndipo lachita malire ndi dziko la Malawi, nkhaniyi ikukhudza magulu awiri a anthu. Gulu loyamba ndi la alimi amene akufunafuna mbewu ina yobweretsa ndalama powonjezera pa chimanga, fodya, thonje, mtedza, soya, mpendadzuwa ndi nyemba. Gulu lachiwiri ndi la mabanja amene ali ndi odwala, makamaka a matenda a khunyu, omwe amamva mphekesera zoti kunja kuli mafuta a chamba ochiritsa.

Koma chimene akatswiri a sayansi akufufuza si chamba chopichira m'pepala n'kusuta ayi. Iwo akufufuza makemikolo ena a m'chomerachi amene saledzeretsa, ndipo funso lawo lalikulu ndi lakuti: kodi makemikolo amenewa akaphatikizidwa amagwira ntchito bwino kuposa mmene lililonse lingachitire palokha? Yankho limene lapezeka mpaka pano ndi lakuti makemikolowa amasinthadi mphamvu za anzawo akakumana m'thupi. Pamenepa ndi pamene pali chiyembekezo, koma pomwepanso ndi pamene pali ngozi.

M'chamba muli chiyani?

Akatswiri apeza makemikolo oposa 500 m'chomera cha chamba. Oposa 100 mwa amenewa ndi a banja limodzi lotchedwa cannabinoids, ndipo ambiri amapezeka mu utomoni wa m'maluwa a chomera chachikazi. Wodziwika kwambiri m'banjali ndi THC, ndipo ndiye amene amazunguza bongo wa munthu wosuta. Ena monga CBD, CBG ndi CBC saledzeretsa.

Katswiri wina wa ku America, a Roger Adams, ndi amene anayamba kupatula CBD m'chaka cha 1940. Patapita zaka zoposa 20, mu 1963, a Raphael Mechoulam a ku Israel ndi mnzawo anafotokoza mmene CBD anapangidwira, ndipo chaka chotsatira, mu 1964, iwo pamodzi ndi a Yechiel Gaoni anapatula THC ndi CBG. Kafukufuku anaonetsanso kuti chomerachi chimayamba chapanga CBGA, ndipo kuchokera mwa ameneyu mumatuluka ena monga CBDA ndi THCA. N'chifukwa chake ena amamutcha mayi wa onse. Chamba chikauma kapena kutenthedwa, CBDA amasanduka CBD ndipo THCA amasanduka THC.

Palinso banja lina la makemikolo lotchedwa terpenes, lomwe limapatsa chamba fungo lake. Banja limeneli si la chamba chokha. Fungo la khungu la ndimu limachokera kwa limonene, la mitengo ya paini limachokera kwa pinene, myrcene amapezekanso m'mango, ndipo caryophyllene amapezeka mu tsabola wakuda wothira m'zakudya. Onsewa amapezekanso m'chamba, ngakhale kuti amakhala ochepa poyerekeza ndi THC kapena CBD.

Thupi lili ndi maloko ake

Kwa zaka zambiri sizinkadziwika chifukwa chake makemikolo a m'chomera amakhudza ubongo wa munthu motere. M'chaka cha 1988, ofufuza a ku America anapeza kuti mu ubongo muli timalo tolandirira makemikolo a mtunduwu, tokhala ngati loko amene amatseguka ndi kiyi wake yekha. Timalo timeneti tinatchedwa CB1. Mu 1993 kunapezekanso timalo ta mtundu wachiwiri, CB2, tomwe timapezeka kwambiri m'maselo oteteza thupi ku matenda. Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 1992, gulu la a Mechoulam linali litapeza kuti thupi la munthu limapanga lokha makiyi otsegulira malokowa, ndipo kiyi woyamba kupezeka anamutcha anandamide. Makiyi a m'thupi amenewa amatenga mbali pa nkhani za ululu, tulo, chilakolako cha chakudya ndi kukumbukira zinthu.

THC amalowa mu loko wa CB1 n'kumutsegula, ndipo kuledzera kumayambira pamenepo. CBD sachita zimenezi. Iye amadzera njira zina zingapo za m'mitsempha, ndipo ichi ndicho chifukwa chake munthu akhoza kumwa CBD wambiri koma osaledzera. M'zaka za 2017 ndi 2018, akatswiri a bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization anaunika CBD ndipo ananena kuti sanapeze umboni woti amachititsa chibaba mwa anthu.

Mfumu siyenda yokha

Ganizo lophatikiza makemikolo linayamba kutchuka mu 1998. Chaka chimenecho a Shimon Ben-Shabat ndi a Mechoulam anapeza kuti m'thupi muli timafuta tina topanda mphamvu patokha, koma tikakhala pamodzi ndi kiyi wina wa m'thupi wotchedwa 2-AG, timamuwonjezera mphamvu. Izi anazitcha entourage effect, kutanthauza mphamvu ya operekeza. Chithunzi chake n'chodziwika kwa aliyense amene anaonapo mfumu ikupita ku msonkhano. Mfumu ndiyo imalankhula, koma nduna ndi anyakwawa oiperekeza ndiwo amalambula njira, kukhazika anthu chete ndi kuchititsa kuti mawu ake amveke.

Chofunika kukumbukira n'chakuti kafukufuku wa mu 1998 anali wa makemikolo opangidwa ndi thupi, osati a m'chamba. Amene anakulitsa ganizoli kuti lifike pa chomera ndi dokotala wa za ubongo wa ku America, a Ethan Russo, omwe mu 2011 analemba kuti ma cannabinoids ndi ma terpenes angathe kuthandizana pochepetsa ululu, kutupa, nkhawa, khunyu ndi tizilombo toyambitsa matenda.

Mayi aliyense wophika therere amadziwa kuti ganizo lotereli si lachilendo. Chidulo pachokha si ndiwo, koma chikalowa mu mphika chimafewetsa masamba n'kusintha ndiwo yonse. Mayi yemweyo amadziwanso kuti chidulo chikachuluka, ndiwo imaonongeka. Choncho nkhani yagona pa muyeso.

Zimene ofufuza apeza

Pali zotsatira zingapo zimene zikupereka chiyembekezo. Mu 2015, a Ruth Gallily ndi anzawo pa yunivesite ya Hebrew ku Jerusalem anayesa CBD pa mbewa zoweta za mu labotale. Anapeza kuti CBD woyengedwa payekha ankachepetsa kutupa ndi ululu pa muyeso wina wake, koma muyeso ukapitirira pamenepo mphamvu yake inkatsika. Pamene anagwiritsa ntchito madzi ofinyidwa kuchokera ku chomera chokhala ndi CBD wambiri, omwe munali makemikolo enanso, mphamvu inkakwera mogwirizana ndi muyeso.

Mu 2021, ofufuza a pa yunivesite ya Sydney ku Australia anapeza chinthu china chimene chinathandiza kufotokoza mmene kuthandizanaku kumachitikira. Mbewa zimene zinamwetsedwa CBDA wosakanikirana ndi makemikolo anzake zinapezeka ndi CBDA wochuluka kuwirikiza ka 14 m'magazi kuposa zimene zinamwa CBDA payekha pa muyeso womwewo. Chifukwa chake n'chakuti m'khoma la matumbo muli timapampu timene timabweza CBDA kuti asalowe m'magazi, koma CBG ndi THC amatchinga timapampu timeneti. Apa operekeza analambuladi njira.

Pa nkhani ya ma terpenes, mu 2008 a Jürg Gertsch ndi anzawo ku Switzerland anaonetsa kuti caryophyllene amatsegula loko wa CB2 ndipo amachepetsa kutupa mu mbewa popanda kukhudza ubongo. M'chaka chomwecho, ofufuza a ku Italy ndi ku Britain anapeza kuti CBD, CBG ndi CBC amapha tizilombo ta MRSA, tomwe sitimva mankhwala ambiri a m'zipatala, koma izi zinachitikira m'timbale ta mu labotale. Mu 2020, yunivesite ya McMaster ku Canada inaonetsa kuti CBG anathandiza mbewa zimene zinali ndi tizilomboti.

Palinso kafukufuku wa pa anthu. Mu 2018, ofufuza a ku Brazil motsogozedwa ndi a Fabricio Pamplona anasonkhanitsa malipoti a odwala khunyu 670 amene matenda awo sankamva mankhwala ena. Anapeza kuti amene ankamwa mafuta okhala ndi CBD wosakanikirana ndi makemikolo ena ankagwiritsa ntchito pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a muyeso wa amene ankamwa CBD woyengedwa, ndiponso ankadandaula mavuto ochepa. Komabe atawerenga odwala amene kugwa kwawo kunachepa ndi theka kapena kuposa apo, sanapeze kusiyana kwenikweni pakati pa magulu awiriwa. Kuwonjezera apo, odwalawa sanayesedwe pamodzi m'kafukufuku mmodzi, ndipo mafuta amene ankamwa sanali ofanana.

Akatswiri ena akukayikira

Si onse amene anakhutira ndi ganizoli. Mu 2019 ofufuza a ku Australia, ndipo mu 2020 a ku New Zealand, anayesa ma terpenes odziwika kwambiri a m'chamba pa maloko a CB1 ndi CB2, ndipo sanaone kuti akusintha mmene ma cannabinoids amagwirira ntchito pamenepo. Mu 2021, ofufuza a pa yunivesite ya Arizona ku America anapeza zosiyana, zoti ma terpenes ena amachepetsa ululu mu mbewa ndipo amawonjezera mphamvu ya mankhwala a mtundu wa cannabinoid, koma miyeso imene anagwiritsa ntchito inali yaikulu.

Kusagwirizanaku kukusonyeza pamene nkhaniyi yafika. Umboni wambiri wachokera ku mbewa ndi ku timbale ta mu labotale, ndipo mbiri ya zamankhwala yadzaza ndi zinthu zimene zinachiritsa mbewa koma zinalephera pa munthu. Kuti mankhwala atsimikizike, pamafunika kutenga odwala ambiri, kuwagawa mwamaere m'magulu, gulu lina n'kulipatsa mankhwala enieni ndipo lina n'kulipatsa ongoyerekezera opanda mphamvu, popanda wodwala kapena dokotala kudziwa amene walandira chiyani. Kafukufuku wamkulu wa mtundu umenewu sanatsimikizire kuti kusakaniza CBD, CBG, CBC ndi ma terpenes kumaposa kupereka mmodzi yekha. Amalonda ndiwo athamanga kuposa asayansi, ndipo mawu akuti entourage effect alembedwa pa mabotolo ambiri ngati nyambo yokopera ogula.

Lipoti lalikulu limene bungwe la National Academies of Sciences, Engineering, and Medicine la ku America linatulutsa mu 2017 linati pali umboni wabwino woti mankhwala ochokera ku chamba amathandiza pa ululu wokhalitsa mwa akuluakulu, pa mseru wobwera chifukwa cha mankhwala a khansa, ndi pa kukungika kwa minofu m'matenda a multiple sclerosis. Koma mankhwala ambiri amene anayesedwa pamenepa anali ndi THC. Chitsanzo ndi Sativex, wopopera m'kamwa, amene ali ndi THC ndi CBD pa miyeso yofanana, ndipo anavomerezedwa ku Canada mu 2005 ndi ku Britain mu 2010.

Mankhwala amene anatsimikizika

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala osaledzeretsa ochokera ku chamba amene ali ndi umboni wamphamvu kwambiri si osakaniza ayi, koma ndi CBD woyengedwa bwino. Mu 2017, a Orrin Devinsky ndi anzawo anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ana ndi achinyamata 120 odwala mtundu wovuta wa khunyu wotchedwa Dravet. Mwa amene analandira CBD, kugwa kunatsika kuchoka pa nthawi pafupifupi 12 pa mwezi kufika pa nthawi pafupifupi 6. Mwa amene analandira ongoyerekezera, kunangotsika kuchoka pa 15 kufika pa 14.

Potsatira umboni umenewu ndi wina wofanana nawo, bungwe loona za mankhwala ku America linavomereza mankhwala otchedwa Epidiolex mu June 2018 kuti aziperekedwa pa khunyu la Dravet ndi la Lennox-Gastaut. Mayiko a mu European Union anawavomereza mu 2019, ndipo mu 2020 dziko la America linawalolanso pa khunyu lobwera chifukwa cha matenda a tuberous sclerosis.

Pali mfundo zitatu zofunika kuzigwira pamenepa. Yoyamba, mitundu ya khunyu imeneyi ndi yosowa, ndipo si imene odwala ambiri a m'midzi ali nayo. Yachiwiri, ana onse a m'kafukufukuyu anapitiriza kumwa mankhwala awo akale, ndipo CBD anangowonjezedwa pamwamba. Yachitatu, muyeso wake ndi waukulu ndipo umawerengedwa malinga ndi kulemera kwa thupi: kawirikawiri mamiligalamu 10 mpaka 20 pa kilogalamu iliyonse pa tsiku. Izi zikutanthauza kuti mwana wolemera makilogalamu 20 amafunika mamiligalamu 200 mpaka 400 tsiku lililonse, ndipo madokotala amayeza magazi ake kuti aone ngati chiwindi chili bwino.

Khunyu m'chigawo cha Kum'mawa

Malinga ndi bungwe la World Health Organization, anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi khunyu, ndipo pafupifupi 80 mwa 100 alionse amakhala m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Bungweli limanenanso kuti odwala mpaka 70 mwa 100 alionse akhoza kusiyiratu kugwa atapimidwa bwino ndi kulandira mankhwala oyenera, koma m'mayiko osauka atatu mwa anayi alionse salandira chithandizo chimenechi. Vuto lalikulu kuno, choncho, si kusowa kwa mankhwala atsopano, koma kuti mankhwala otsika mtengo amene alipo kale, monga phenobarbital ndi carbamazepine, sakufika kwa odwala nthawi zonse, ndipo ena amabisidwa m'nyumba chifukwa cha manyazi kapena chikhulupiriro choti alodzedwa.

Zoyambitsa khunyu kuno n'zosiyananso ndi za ana a m'kafukufuku wa Epidiolex. Ofufuza a pa yunivesite ya Zambia ndi anzawo a kunja anapeza kuti m'chigawo cha Kum'mawa, chimodzi mwa zoyambitsa zazikulu ndi njoka za m'mimba zodzera mu nkhumba, zomwe anthu amazizindikira pa nyama ya masese. Munthu akameza mazira a njokazi kudzera m'chakudya, m'madzi kapena m'manja mosasamba, tiana take timatha kukakhazikika mu ubongo n'kuyambitsa kugwa. Malungo a mu ubongo, mavuto a pa nthawi yobadwa ndi kuvulala m'mutu zimayambitsanso khunyu. Chimbudzi, khola la nkhumba, nyama yophikidwa mokwanira, neti yoteteza ku udzudzu ndi kuberekera ku chipatala zingathe kuteteza ana ambiri a ku Lundazi kuposa botolo lililonse la mafuta a chamba.

Ngozi ya kusakaniza

Mphamvu yomwe ija imene imachititsa kuti kemikolo wina akweze mnzake m'magazi imagwiranso ntchito pa mankhwala a ku chipatala. CBD amaphwanyidwa m'chiwindi, ndipo amachedwetsa chiwindicho pophwanya mankhwala ena. Akaphatikizidwa ndi clobazam, wodwala amawodzera kwambiri. Akaphatikizidwa ndi valproate, yemwenso ndi mankhwala a khunyu, ngozi yovulaza chiwindi imakula. Amathanso kuwonjezera mphamvu ya warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, mpaka munthu kuyamba kutaya magazi. Mbali inayi, mankhwala a TB otchedwa rifampicin amachepetsa CBD m'magazi. M'dera limene anthu ambiri amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku a TB, a HIV, a kuthamanga kwa magazi kapena a khunyu, kuwonjezerapo mafuta a chamba dokotala asakudziwa ndi kuika moyo pachiswe.

CBD payekha alinso ndi zovuta zake. M'kafukufuku wa ana uja, ena anatsegula m'mimba, ena ankasanza, ena ankangogona ndipo ena anasiya kufuna chakudya. Mu October 2023, bungwe loona za zakudya ku Britain linatsitsa muyeso umene limalangiza munthu wamkulu wathanzi kuti asapitirire, kuchoka pa mamiligalamu 70 kufika pa 10 pa tsiku. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa amalangizidwa kuti asamwe n'komwe.

Vuto lina ndi la zolembedwa pa botolo. Mu 2017, ofufuza a ku America anagula mitundu 84 ya katundu wa CBD pa intaneti n'kuyeza. Imene inali ndi muyeso wogwirizana ndi zolembedwa inali pafupifupi 31 mwa 100 iliyonse, ndipo mitundu 18 inapezeka ndi THC. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati izi zinachitika m'dziko lokhala ndi malabotale ambiri, kuli bwanji ndi botolo lopanda chizindikiro logulidwa pamsika kapena kwa munthu wongodutsa? Chomerachi chimayamwanso zitsulo zapoizoni m'nthaka, ndipo chikasungidwa pachinyezi chimachita chuku monga momwe amachitira mtedza.

Nanga chamba chimene chimalimidwa mobisa m'minda ya chimanga? Mitundu ya chamba ya kuno kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo yotchuka ya ku Malawi, inasankhidwa kwa mibadwo yambiri chifukwa cha ukali wake. Choncho imakhala ndi THC wambiri ndi CBD wochepa kwambiri. Kuwiritsa masamba ake n'kumwetsa mwana wodwala khunyu ndi kumupatsa choledzeretsa cha muyeso wosadziwika, osati mankhwala amene anayesedwa ku America. Madokotala amachenjezanso kuti kusuta kawirikawiri chamba chokhala ndi THC wambiri kumawonjezera ngozi ya matenda a misala, makamaka kwa amene anayamba ali achinyamata.

Malamulo akuti chiyani?

Mu December 2019, nduna za boma la Zambia zinavomereza ganizo lolola kulima chamba n'cholinga chopanga mankhwala ndi kugulitsa kunja, ndipo amene analengeza anali mneneri wa boma wa nthawiyo, a Dora Siliya. Mu 2021 kunabwera malamulo awiri, la Cannabis Act ndi la Industrial Hemp Act, komanso lamulo latsopano la mankhwala ozunguza bongo. Malamulowa amasiyanitsa chamba cha m'mafakitale, chomwe THC wake sayenera kupitirira 0.3 peresenti, ndi chamba champhamvu chopangira mankhwala ndi kuchitira kafukufuku. Zonse ziwirizi zimafuna chilolezo. Kulima, kusunga, kugulitsa kapena kusuta chamba popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo bungwe la Drug Enforcement Commission lakhala likumanga alimi opezeka nacho m'maboma a chigawo cha Kum'mawa. Mankhwala alionse ogulitsidwa m'dziko muno amayenera kuvomerezedwa ndi bungwe la Zambia Medicines Regulatory Authority.

Dziko la Zambia silinayambe lokha. Lesotho inapereka zilolezo zoyamba mu 2017, Zimbabwe inatsatira mu 2018, ndipo nyumba ya malamulo ya Malawi inavomereza lamulo lake mu February 2020, patatha zaka zingapo mbewu za chamba cha m'mafakitale zikuyesedwa pa malo a kafukufuku a Chitedze kufupi ndi Lilongwe. Pa 2 December 2020, nthambi ya United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo inachotsa chamba pa mndandanda wa mankhwala oopsa kwambiri opanda ntchito m'zipatala. Mayiko 27 anavomera ndipo 25 anakana. Komabe chamba chinatsala pa mndandanda wina wa mankhwala oyenera kuyang'aniridwa mwamphamvu.

Kwa anthu a ku Lundazi, omwe ali ndi abale mbali zonse ziwiri za malire, pali chinthu chimodzi chofunika kuchidziwa. Lamulo la Malawi la mu 2020 linaika malire a THC m'chamba cha m'mafakitale pa 1 peresenti, pamene la Zambia linaika pa 0.3. Chomera chimodzi chomwecho chikhoza kutchedwa cha m'mafakitale tsidya lina n'kukhala cha mlandu tsidya lino. Kuwoloka nacho malire popanda zikalata ndi mlandu m'mayiko onse awiri.

Mlimi ayembekezere chiyani?

Ngati kafukufuku adzatsimikizire kuti makemikolo osakaniza amathandizadi, msika udzafuna mbewu zokhala ndi miyeso yodziwika ya CBD, CBG ndi ena, yosasintha chaka ndi chaka. Ulimi wotere ndi wovuta kuposa wa fodya. Umafuna mbewu yovomerezeka, zomera zachikazi zokhazokha, malo otetezedwa, kuyanika kwaukhondo ndi labotale yoyeza zokolola. Mungu wochokera m'munda wa chamba wamba ukhoza kuuluzika ndi mphepo n'kuononga munda wonse, ndipo THC akapitirira malire a lamulo, zokololazo sizingagulitsidwe ngati chamba cha m'mafakitale.

Zilolezo nazo si za munthu wa khasu limodzi. Ku Malawi, mitengo imene inalengezedwa mu 2020 inali madola 10,000 a ku America pa chilolezo cholima chamba cha mankhwala ndi madola 2,000 pa cha m'mafakitale, zomwe zinachititsa alimi ang'onoang'ono kulowa m'magulu. Msika nawonso umagwa. Dziko la America litalola ulimi wa chamba cha m'mafakitale mu 2018, alimi ochuluka anathamangira mbewuyi, ndipo pofika mu 2020 mitengo inali itagwa kwambiri moti ambiri anatsala ndi zokolola zopanda wogula. Mlimi wa thonje wa kwa Mwase kapena kwa Mphamba, amene anaonapo mtengo ukutsika atakolola kale, sakufunika kuuzidwa tanthauzo la zimenezi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha

Chomera chimene kwa zaka zambiri chinkadziwika ndi apolisi ndi makhoti okha tsopano chili m'manja mwa asayansi, ndipo chatulutsa kale mankhwala amene athandiza ana odwala khunyu lovuta. N'zotheka kuti m'tsogolomu kusakaniza CBD, CBG ndi anzawo kudzapereka mankhwala ochepetsa ululu, kutupa kapena tizilombo tosamva mankhwala. Koma chimene chimasandutsa chomera kukhala mankhwala ndi muyeso wodziwika, ukhondo, ndi kuyesedwa pa anthu ambiri, ndipo pa makemikolo osakaniza ntchito imeneyi idakali m'kati.

Pakadali pano, langizo la azaumoyo silinasinthe. Wodwala khunyu asasiye mankhwala a ku chipatala ngakhale tsiku limodzi, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa kugwa kotsatizana komwe kumatha kupha. Amene akumwa kale mafuta a chamba kapena mankhwala a zitsamba auze dokotala kapena namwino mosabisa, kuti aone ngati sakulimbana ndi mankhwala ena. Kholo limene mwana wake akugwabe ngakhale akumwa mankhwala libwerere naye ku kiliniki kapena ku chipatala cha boma ku Lundazi, popeza muyeso umatha kusinthidwa kapena mankhwala ena kuyesedwa. Ndipo mlimi amene wauzidwa kuti chamba tsopano n'chololedwa ayambe waona chilolezo cholembedwa ndi wogula wodziwika asanaike mbewu m'nthaka.